Ozimitsa moto opanda galimoto: mbiri ya mabodi a m'midzi ku Rufunsa

Mu 2017 dziko la Zambia lidatekeseka ndi nkhani ya magalimoto 42 ozimitsa moto omwe boma lidagula pa mtengo wa madola 42 miliyoni a ku America, galimoto imodzi miliyoni yathunthu. Anthu adapsa mtima. Laura Miti, woyimba Pilato ndi anzawo adamangidwa mu Seputembala chaka chomwecho atapita kukachita zionetsero ku nyumba ya malamulo. Mu Julayi msika waukulu wa City Market mu Lusaka udali utapsa, choncho za moto zidali pakamwa pa aliyense. Koma mkangano wonsewo unkanena za moto wa m'tauni, wa m'masitolo ndi m'nyumba zosanja, wofuna mipope ndi makwerero. Moto womwe umatentha dziko la Zambia kwenikweni sudalowe m'mkanganomo. Zithunzi za setilaiti zimasonyeza kuti chaka ndi chaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo limasanduka lupsa, ndipo kumene moto umenewu umayaka kulibe msewu woti galimoto ya miliyoni n'kudutsa.

Boma la Rufunsa ndi amodzi mwa malo otere. Lili kum'mawa m'chigawo cha Lusaka, pa msewu wa Great East wopita ku Chipata ndi ku malire a Malawi. Lidakhala boma palokha mu 2012, pomwe Pulezidenti Michael Sata adalidula ku Chongwe, ndipo kalembera wa 2022 adapezamo anthu oposa 80,000, omwazikana m'maufumu a Asoli a Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Amene adakwerapo basi ya ku Chipata amawadziwa mapiri ake ndi makhotakhota ake, msewu usanatsikire ku mlatho wa Luangwa. Kumwera kuli paki ya Lower Zambezi, yomwe idakhazikitsidwa mu 1983. Kumpoto kuli chigwa cha Luano ndi mtsinje wa Lunsemfwa. Pakati ponsepo ndi nkhalango ya miombo, ndipo pansi pa mitengoyo pali udzu womwe pofika Ogasiti umakhala utauma gwaa. Mwalamulo ntchito yozimitsa moto m'Zambia ndi ya makhonsolo, ndipo ozimitsa moto ali ndi sukulu yawo ku Kabwe. Koma moto ukabuka kuseri kwa phiri ku Shikabeta, omwe amauthamangira ndi eni mudzi, atanyamula nthambi zaziwisi. Bungwe lomwe limawasonkhanitsa limatchedwa Community Resources Board, anthu amangoti CRB kapena bodi, pamodzi ndi timagulu take ta m'midzi ndi magulu osamala nkhalango omwe adabwera pambuyo pake.

Moto udali ndi mwini bodi isanabwere. M'madera ambiri a miombo munthu sankangotola chikuni n'kukayatsa tchire. Mfumu ndi manyakwawa ndiwo ankanena kuti tsopano udzu wofolera wamwetedwa, zokolola zalowa m'nkhokwe, tchire litenthedwe, uzimba uyambike. Kumanda ndi ku misitu ya mizimu moto sunkafikako, ndipo woyatsa nthawi isanakwane ankakayankha mlandu pabwalo. Chizindikiro cha ulamuliro umenewu chikadalipo pakati pa Asoli. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ndi imene imayatsa moto m'munda wososedwa n'kudzala mbewu zoyamba, anthu ake n'kumatsatira pambuyo.

Atsamunda adabwera ndi maganizo a ku Ulaya akuti moto m'nkhalango ndi mdani basi. Chomwe chidawasintha ndi kafukufuku wina wodekha kwambiri m'mbiri ya nkhalango za mu Africa. Mu 1933 a dipatimenti ya nkhalango ya Northern Rhodesia adadula timagawo ta nkhalango pafupi ndi Ndola. Tina ankatiteteza kuti moto usalowe n'komwe, tina ankatitentha chaka chilichonse kumayambiriro kwa chilimwe, cha mu Juni ndi Julayi, ndipo tina ankatitentha mochedwa, mu Okutobala. Adachita zimenezi zaka ndi zaka osalumpha. Mu 1959 katswiri wa zomera Colin Trapnell adasindikiza zotsatira zake. Komwe ankatentha mu Okutobala, mitengo ya mombo ndi mtondo idali itatha pafupifupi yonse, kutatsala udzu wautali ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa ndi muula. Komwe ankatentha msanga, nkhalango idali chiimire, yosasiyana kwambiri ndi yomwe moto sunkalowamo. Kusiyana kwake sikudali pakati pa kutentha ndi kusatentha, koma pakati pa Juni ndi Okutobala.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa amene adakulira kumudzi. Mu Juni udzu umakhala usanaumitsitse, usiku kumagwa mame, ndipo moto umangoyenda chokwawa, kudya apa n'kusiya apo. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu ndi masamba ogwa zimakhala zitauma, mphepo ikuwomba, ndipo miombo imakhala itangophuka masamba ake ofiira aja poyembekeza mvula. Moto wa nthawi imeneyi umakwera mpaka m'nthambi, n'kupsereza masamba omwe mtengo wawonongerapo chakudya chake chonse chosungira. Timitengo tating'ono timafa mpaka pa tsinde. Tikaphukanso, chaka chamawa moto wina umatipeza tisanatalike. Dipatimenti ya nkhalango idatenga kutentha msanga kukhala ndondomeko yake. Kunena mosabisa, a dipatimentiyo adatha zaka zoposa makumi awiri kuti atsimikize chinthu chomwe manyakwawa ambiri ankachita kale, koma ubwino wake ndi woti tsopano chidalembedwa, ndipo boma limamvera zolembedwa.

Vuto lidali loti boma lidatenga mphamvu koma lidalibe miyendo. Lamulo la nkhalango la 1973 lidaika nkhalango m'manja mwa boma, ndipo anthu a m'midzi adasanduka ongopempha chilolezo. Alonda a nkhalango adali ochepa, ndipo chuma chitagwa ndi mtengo wa kopa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 adacheperachepera. Mfumu idalandidwa mawu, mlonda wa boma sankaoneka, ndiye moto udakhala wa aliyense: wosaka mbewa, mlenje wofuna kuona nyama patali, wofula njuchi wosiya chikuni chikufuka, wososa m'munda mphepo n'kumulanda moto. Pa izi padaonjezekera makala. Lusaka ikukula, ndipo msewu wa Great East udasanduka mtsinje wa matumba a makala opita ku Mtendere, Kalingalinga ndi makomboni ena. Katswiri wa ku University of Zambia, Emmanuel Chidumayo, adayamba mu 1990 kuyeza timagawo ta nkhalango ku Chakwenga, m'mapiri omwewa a kum'mawa kwa Lusaka, ndipo adatiyendera zaka zoposa makumi awiri. Adaona kuti miombo ikadulidwa imaphukanso kuchokera pa zitsa ndi mizu, koma moto ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zomwe zimaibweza m'mbuyo. Nkhwangwa imagwetsa nkhalango kamodzi, koma moto wochedwa umabwera chaka ndi chaka kudzamaliza mphukira.

Komabe bodi sidabadwe chifukwa cha moto. Idayamba ndi njovu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mozemba adasesa njovu zambirimbiri m'chigwa cha Luangwa, ndipo zipembere adazimaliziratu. Kumenyana ndi anthu a m'midzi kudalephera, popeza mlenje ankabwera ndi nyama pomwe msilikali wa zanyama ankabwera ndi unyolo. Ku Lupande, m'dera la Mfumu Malama, akuluakulu a dipatimenti ya zanyama Gilson Kaweche ndi Ackim Mwenya pamodzi ndi katswiri wa ku America Dale Lewis adayesa njira ina: kulemba anyamata a m'midzi momwemo kuti akhale masikauti, ndi kubweza ku midzi gawo la ndalama zomwe alenje achilendo amalipira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njirayi idafalikira m'madera ambiri osungirako nyama ozungulira mapaki pansi pa pulogalamu ya ADMADE, ndipo masikauti ankaphunzitsidwa ku Nyamaluma. Pulogalamuyi idali ndi chilema chake. Mphamvu zambiri zidali m'manja mwa mafumu, ndipo m'madera ena ntchito ndi zitukuko zinkangozungulira pafupi ndi kunyumba ya mfumu.

Lamulo la zanyama la 1998, lomwe lidakhazikitsa Zambia Wildlife Authority, ndi lomwe lidabweretsa CRB monga tikuidziwira lero. Ufumu uliwonse wokhala m'dera la nyama utha kukhala ndi bodi yake. Pansi penipeni pali timagulu ta midzi totchedwa Village Action Group, ndipo anthu amasankha atsogoleri a timaguluti. Mwa iwo mumachokera mamembala a bodi, osachepera 7 ndi osapitirira 10, n'kuonjezerapo nthumwi ya khonsolo ndi nthumwi ya mfumu. Mfumu payokha idakwezedwa kukhala kholo la bodi, mpando waulemu koma wopanda cholembera chosainira cheke. Pa ndalama zolipirira nyama yosakidwa, theka linkayenera kubwerera kwa anthu: 45 pa 100 ku bodi, 5 pa 100 kwa mfumu. Mwa zomwe bodi yalandira, gawo lalikulu limayenera kupita ku kuteteza zachilengedwe, makamaka malipiro a masikauti, lina ku zitukuko monga mijigo ndi midadada ya sukulu, lotsala n'kuyendetsera ofesi. Mamembala a bodi ndi a timagulu ta m'midzi sali pa malipiro a pamwezi. Ndi alimi wamba osankhidwa ndi anzawo. Madera osungirako nyama a Rufunsa ndi Luano, omwe amakhudza maufumu a Mpanshya ndi Shikabeta, adalowa m'dongosolo limeneli.

Moto udalowa m'ntchito ya bodi mwa njira ya kuseri. Nyama zimafuna msipu ndi pobisala, ndipo dera lomwe lapseratu mu Okutobala silisunga mphalapala kapena ngoma. Sikauti woyendera tchire ndiye woyamba kuona utsi, ndiponso amadziwa kuti moto wambiri wa kutali ndi midzi umayatsidwa ndi omwewo otchera misampha. Choncho kulambula njira zotchinga moto ndi kutentha msanga zidakhala mbali ya kalendala ya masikauti, ngakhale palibe adawatchulapo kuti ozimitsa moto.

Kudalira ndalama za alenje kudaonetsa kuipa kwake msanga. Ndalamazo zinkadutsa ku likulu zisanafike ku bodi, ndipo kawirikawiri zinkachedwa. Mu Januwale 2013 nduna ya zokopa alendo Sylvia Masebo idaimitsa ulenje wa alendo m'madera ambiri, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 2014, cha mikango ndi akambuku n'kutsalirako pang'ono. M'nyengo ngati imeneyi masikauti a m'madera ambiri m'dziko adakhala miyezi osalandira kanthu. Rufunsa ndi Luano si madera olemera nyama ngati Lupande, choncho ngakhale m'zaka zabwino mabodi a kuno sankapeza zambiri. Bungwe lidalipo pa pepala, zisankho zinkachitika, koma mphika udali wopanda kanthu.

Chomwe chidasintha zinthu ndi malonda omwe agogo athu sakadawamvetsa: kulipidwa chifukwa chosadula mtengo. Mu 2012 Hassan Sachedina adakhazikitsa kampani ya BioCarbon Partners, ndipo ntchito yake yoyamba idali m'boma lomweli, pa Rufunsa Conservancy, malo a mahekitala pafupifupi 40,000 ogundana ndi malire a kumpoto a paki ya Lower Zambezi. Ganizo lake ndi ili: mtengo woimirira umasunga kaboni yemwe akadapita m'mlengalenga ukadapsa, kaboniyo amayezedwa, oyendera ochokera kunja amatsimikiza, ndipo makampani a kutali amagula ziphaso zake pofuna kulipira utsi womwe iwo amatulutsa. Ntchitoyi, yotchedwa Lower Zambezi REDD+ Project, idali yoyamba ya mtundu wake m'Zambia kuvomerezedwa pa muyezo wa Verified Carbon Standard, ndipo idagwira ntchito ndi midzi yozungulira monga ya ku Namanongo ndi Ndubulula. Kuyambira 2014, mothandizidwa ndi USAID, njira yomweyi idakulitsidwa kukhala Luangwa Community Forests Project, ya mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi m'maufumu a m'chigwa cha Luangwa ndi kuno ku Rufunsa. Apa nkhalango si ya kampani koma ya anthu, ndipo gawo la ndalama limalowa ku magulu a anthuwo.

Lamulo lidatsatira pambuyo. Lamulo la nkhalango la 1999, lomwe lidalonjeza kuti boma ndi anthu azisamalira nkhalango limodzi, lidangokhala m'kabati osayamba kugwira ntchito. Lidalowedwa m'malo ndi la 2015, lomwe limalola anthu a mudzi kupanga gulu lotchedwa Community Forest Management Group, kulemba malire a nkhalango yawo mfumu itavomereza, ndi kusainirana pangano ndi dipatimenti ya nkhalango. Malamulo ofotokoza kayendetsedwe kake adatuluka mu 2018. Kuteteza nkhalango ku moto ndi umodzi mwa maudindo a gulu lotere, ndipo lamulo limalolanso kusankha anthu wamba kukhala alonda a nkhalango aulemu. Chaka chomwecho cha 2015 Zambia Wildlife Authority idathetsedwa, ntchito yake n'kubwerera m'boma pansi pa Department of National Parks and Wildlife, koma mabodi adasiyidwa momwe adalili. M'maufumu ambiri bodi ya zanyama ndi gulu la nkhalango zimayendera limodzi, nthawi zina anthu ake ndi amodzimodzi. Patatha zaka makumi anayi, mphamvu pa moto idabwerera kufupi ndi komwe idachokera, kungoti tsopano ili ndi sitampa ndi buku la ku banki.

Ntchito yeniyeni imayamba mvula ikangosiya, ndipo imayamba ndi msonkhano. Apa ndi pomwe bodi imaonekera ngati ili ndi mphamvu kapena ayi, chifukwa tsiku lotentha limakhudza aliyense mosiyana. Amayi amafuna kuti udzu wofolera ukhwime n'kumwetedwa kaye. Amene chimanga chake chikadali m'munda safuna kumva za moto. Woweta amafuna kuti padambo patsale udzu wa ziweto mpaka mvula, mwini ming'oma ya njuchi amafuna alambule kaye pansi pa mitengo yake. Koma kudikira aliyense ndiye kufika mu Ogasiti, nthawi itatha. Nyakwawa ndi komiti amayenera kugamula: mbali iyi titentha sabata ino, dambo ilo tisiya, kumanda tilambula kuzungulira.

Kenako zikwanje ndi makasu. Amalambula mkwasa wotakata kuzungulira nkhalango, kutsata mitsinje, misewu ndi miyala pomwe zilipo kuti ntchito ichepe. Kuyatsa kumachitika dzuwa litapendeka, mphepo itagona, kuti chisanu ndi mame a usiku zithandize kuzimitsa. Amayatsa m'mphepete mwa mkwasa kuti moto uyende molimbana ndi mphepo, pang'onopang'ono, anthu ali pambuyo ndi nthambi. Cholinga si kupsereza ponse koma kusiya nkhalango yamawangamawanga, pena popsa pena posapsa. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire. Wotentha msanga amangotenga mawu amenewa monga alili, n'kuonetsetsa kuti moto wa mu Okutobala ukadzabwera udzapeze tchire lodukaduka, udzafere pa lupsa la mu Juni.

Ukabuka moto wolusa m'miyezi yotentha, palibe belu kapena yunifolomu. Uthenga umayenda pa foni ndi pakamwa, ndipo masiku ano ogwira ntchito za nkhalango amatha kuona pa kompyuta pomwe setilaiti yaona kutentha. Odziwa ntchitoyi salimbana ndi moto kumutu kwake, komwe mphepo ikuukankhira. Amaumenya m'mbali, kuupanikiza kuti uchepe, ataponda mbali yopsa kale kuti mphepo ikatembenuka akhale ndi kothawira. Amadziwa kuti moto umathamanga pokwera phiri kuposa potsika, zomwe m'mapiri a Rufunsa ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndiponso kuti kamvuluvulu amatha kunyamula udzu woyaka n'kukauponya kutsidya kwa mkwasa. Masana a mu Okutobala nthawi zambiri sungachite kanthu koma kuteteza nyumba ndi nkhokwe, n'kudikira usiku. Zida zake ndi nthambi zamasamba, zomenyera za labala pomwe zilipo, ndi mapampu a kumsana omwe alimi amapoperera thonje.

Pali mayiko omwe kuzimitsa moto mongodzipereka ndi mwambo wakale wolemekezeka. Ku Philadelphia, Benjamin Franklin adayambitsa gulu lotere mu 1736, ndipo ku Chile ozimitsa moto a m'mizinda ndi odzipereka kuyambira pomwe gulu loyamba lidakhazikitsidwa ku Valparaíso mu 1851. Koma kumeneko wodzipereka amakhala ndi ntchito ina yomudyetsa. Ku Rufunsa tsiku lomwe munthu wathera ku mkwasa ndi tsiku lomwe sadapite ku dimba kapena ku ganyu, ndipo amene akumupempha kuti asayatse tchire ndi mnansi wake yemwe ndiwo za ana ake ndi mbewa. Ine ndimaona kuti amene amayamikira kudzipereka kwa anthu a m'midzi, osafunsa kuti adya chiyani madzulo, amakhala akufuna ntchito yaulere. Masikauti ochepa amalandira malipiro; anthu ambiri omwe amathamangira moto salandira. Chomwe chimawatulutsa m'nyumba ndi kuopa kuti nkhokwe zipsa, ulemu kwa nyakwawa, ndi chikhulupiriro choti nkhalango ikapulumuka mjigo kapena chipatala chaching'ono chidzaoneka. Fanizo loyandikira kwambiri lili kumpoto kwa Australia, ku West Arnhem Land, komwe kuyambira 2006 eni dziko achiaborijini amalipidwa chifukwa chotentha msanga monga ankachitira makolo awo, popeza moto wa msanga umatulutsa utsi wochepa poyerekeza ndi wochedwa. Kumeneko ntchito ya moto payokha ndi yomwe imagulidwa.

Ndalama za kaboni nazo zili ndi nyengo zake, monga zidalili za alenje. Mu Januwale 2023 nyuzipepala ya The Guardian ndi anzake adafalitsa kafukufuku wonena kuti ziphaso zambiri za nkhalango zovomerezedwa padziko lonse ndi bungwe la Verra, mwini wa muyezo wa Verified Carbon Standard uja, sizinkaimira kaboni weniweni wopulumutsidwa. Verra idatsutsa, koma ogula ambiri adabwerera m'mbuyo ndipo mitengo idatsika. Mlimi wa ku Mpanshya sadali nawo pa mkanganowo, koma zotsatira za mikangano yotere zimatha kufika pa msonkhano wa bodi ngati funso lakuti chaka chino talandira zingati, ndipo n'chifukwa chiyani. Boma la Zambia lidaika malamulo a malonda a kaboni wa m'nkhalango mu 2021, ndipo nkhani ya kagawidwe, kuti zingati zitsale ku kampani, zingati kwa mfumu, zingati ku midzi, imabukabe pafupifupi kulikonse komwe malondawa afika.

Chaka cha 2024 chidayesa dongosolo lonseli. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, chimanga chitauma m'minda m'zigawo zambiri, cha Lusaka chili m'gulu. Madzi atachepa ku Kariba magetsi adayamba kuzima nthawi yaitali, mpaka pofika Seputembala nyumba zambiri mu Lusaka zinkaona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Mbaula zidayaka m'nyumba zomwe kale zinkaphikira pa magetsi, ndipo makala adafunika kuposa kale. Kwa banja la m'mbali mwa Great East lomwe silidakolole, uvuni wa makala udali njira yapafupi yopezera thumba la ufa, ndipo uvuni uliwonse wofuka pakati pa udzu wouma ndi poyambira moto. Anthu omwe bodi inkayembekeza kuti alambule mikwasa ndi kuletsa anzawo kudula mitengo chaka chimenecho adali alimi omwewo, a nkhokwe zopanda kanthu.